Denga pa Choyezera Mvula

Pa kompyuta ya ku ofesi kwathu mapiri amaoneka ngati timadontho. Kadontho kalikonse ndi malo amene tinaikapo makina oyezera mvula. Kakakhala kobiriwira, gonani. Kakakhala kachikasu, khalani tcheru. Kakafiira ndiye kuti sayirini yalira kale, anthu akutsika phiri lisanawagumukire.

M'mawa umenewo mapu onse anali achikasu. Kupatulapo kadontho kamodzi. Kanali phee, kobiriwira ngati msipu, pakati pa anzake. Batire yodzaza. Makina amoyo. Mvula, ngakhale dontho.

Mnzanga wa pa desiki yoyandikana nane anati mwina mtambo walidumpha phirilo. Ndinamuuza kuti mtambo sudumpha phiri limodzi masiku onsewa. Komanso kadonthoko ndinkakadziwa. Makinawo ndinaika ndine. M'munsi mwake muli nyumba ya bambo anga.

Ndinaimbira achemwali. Foni inavuta, kenako inalowa. Ndinafunsa ngati kumeneko kukugwa mvula. Anangokweza foni kuloza kudenga. Malata ankachita kulindima. Atabwezera foni kukhutu anandifunsa ngati ndayamba kumwa m'mawa. Anati magetsi anazima kalekale, foni yatsala pang'ono kufa, ndinene msanga. Ndisananene inafa.

Abwana anafunsa ngati tingaliritse sayiriniyo tili pompano. Sitikanatha. Makina a mtundu umenewo amayankhula koma samva. Amatumiza uthenga, salandira. Sayirini imalira yokha mvula ikakwana muyeso, apo ayi munthu akadina batani la m'bokosi. Anati aimbira akuluakulu a m'deralo, koma misewu yaduka ndipo galimoto zonse zili kwina. Akumaliza kuyankhula ine chikwama chili kale paphewa.

Chikwama changa sichimasulidwa. Kwathu amanditcha Mlendo. Ndinabadwira m'tauni, m'kanyumba ka pafupi ndi siteshoni, ndipo chiyambire sindikhazikika. Malo ndikangowazolowera mapazi ayamba kuyabwa. Ntchito iyi inandipeza bwino. Phiri ili lero, lina mawa. Kumanga, kuyesa, kunyamuka.

Minibasi inatisiya pamlatho, madzi atadutsa pamwamba. Tinazungulira wapansi kumtunda, pamene mtsinje umachepa. Tsidya linalo ndinapeza wa njinga yamoto. Iyenso anandisiya panjira, nati matope awa si a njinga yake. Kotsalako ndinayenda.

Nyumba za kumeneko zinakwera phiri m'mizeremizere, denga la uyu kulingana ndi khonde la uyo. Pansi pali msika, sukulu ndi bwalo la mpira. Pamwamba pali mzere womaliza, kenako miyala ndi zitsa. Bambo anamanga mu mzere womalizawo atapuma ntchito. Ankati kumeneko munthu umaona tauni yonse osamva phokoso lake.

Pokwera ndinkayang'ana zimene ntchito inandiphunzitsa. Ngalande zinali zodzaza, koma imeneyo si nkhani. Nkhani inali mtundu wa madziwo. Anali ofiira, olemera ngati penti. Kuseri kwa nyumba ya wometa tsitsi madzi ankatumphuka pansi pamene panalibe kasupe. Mtengo wa magetsi unali utaweramira kumsika.

Anthu anali m'makomo, akuonerera mvula. Ankandipatsa moni. Ena ankafunsa ngati ndabwera kudzazonda makina anga. Mayi wogulitsa makala anati ndikawapeza ali bwino kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinathokoza osamvetsa.

Chitseko cha bambo chinali chotsekula. Achemwali anandichingamira pomwepo, nati chakana kutsekeka, chatupa ndi chinyezi. Ndinayang'ana felemu. Sichinali chinyezi. Felemu inali itapendekeka. Pakona pake mng'alu unali utakwera khoma mpaka kudenga.

Bambo anali pampando wawo pabalaza. Jekete atavala. Nsapato atamanga. Kachikwama ka mankhwala kali pamiyendo, ndodo pambali. Munthu wokonzeka ulendo. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku njanji, kukweza ndi kutsitsa chizindikiro kuti sitima ilowe kapena iime. Tsopano anali wapampando wa komiti yoona za ngozi m'deralo.

Anandilandira osadabwa. Anafunsa ngati ndadya. Ndinati tinyamuke pompano, nyumba ikusuntha.

"Sayirini yalira?"

Ndinati ayi, ndipo n'chimene chandibweretsa. Makina sakuwerenga mvula. China chake chalakwika.

"Ndiye pita ukakonze. Ikalira ndinyamuka."

Ndinawaonetsa mng'alu. Anati auona, maso ali nawo. Ndinawauza za madzi ofiira ndi mtengo wowerama. Anagwedeza mutu, kuvomereza zonse. Kenako anandikumbutsa za chaka chija makina asanabwere. Munthu wina anakuwa kuti phiri likugwa. Anthu anathamangira pansi, kupondana m'tinjira. Mayi wina anathyoka mwendo. Phiri silinagwe. Pobwerera anapeza akuba atasesa m'nyumba. Makina atafika, komiti inayenda khomo ndi khomo, bambo ali patsogolo, kuphunzitsa chinthu chimodzi: musathawe mphekesera, thawani sayirini.

"Ndikadzuka pano chifukwa mwana wanga wandinong'oneza, mawa wina adzadzuka chifukwa mlamu wake walota. Sitima siyenda chifukwa woyendetsa wamva m'thupi."

Achemwali anandikokera kukhitchini. Anati ndisataye malovu. Iwo ayesa, amuna awo ayesa. Ndipo si bambo okha. Mzere wonse ukuyang'ana khomo lino. Awa akakhala, onse akhala. Ana awo anali atawatumiza kale kwa mnzawo kumsika, mwakachetechete, ngati okagula mchere. Koma iwo sangasiye bambo. Bondo la bambo silitsika phiri popanda munthu.

Ndinaganiza zowanyamula mokakamiza. Ndinawasuzumiranso. Manja anali atagwiritsa mpando. Bambo anga ndi ojintcha, ndipo mtima wawo adokotala anati tisamaupute. Komanso ndikanatulutsa munthu mmodzi, mzere wonse n'kutsala ukuonerera.

Alamu anga ndi owotcherera zitsulo. Anthu amawatcha a Mbaliwali. Shedi yawo inagundana ndi nyumba, yodzaza mageti, mawindo ndi mabedi osamaliza. Magetsi atazima analibe chochita. Ndinawapeza akukulunga ndodo zowotcherera m'pepala la pulasitiki kuti zisagwire chinyezi. Atandiona anakuwira akazi awo kuti mlendo wafika, abise mapoto. Ndinati nthabwala mawa, tiyeni kumakina. Nkhope yawo inawala. Anati akhala akudikira tsiku limeneli.

Njira yake ndi yoterera. Tinkakwera ndi manja omwe. Alamu ankayankhula njira yonse. M'chilimwe akuba anayesa kuba batire. Komiti inawapempha kuti amange chotchinga. Iwo sanafune ntchito ya manyazi. Zitsulo anasankha zochindikala, zija za m'maziko a nyumba zosanja. Kuzungulira konse anakuta ndi waya wa sefa, woti dzanja lisalowe. Loko akuba anadulanso, ndiye chitseko anangochiwotcherera, nkhani n'kutha. Ndinafunsa kuti ine ndizilowera pati. Anati ndikabwera amadula, ndikamaliza amawotchereranso. Kodi ndimabwera kangati?

Tinafika. Ndinaima.

Khola linali lokongola, ndisaname. Lowongoka, lopentedwa bwino. Pamwamba pake panali denga la malata, lotulukira mbali zonse ngati chipewa. M'mphepete munali kangalande kachitsulo kotayira madzi kutali. Sola yotchajira batire anaichotsa mkati n'kuikhazika padengapo kuti isasowe dzuwa. Mkati munali bokosi langa, sayirini, ndi choyezera mvula, chitini choyera chokhala ndi fanelo pamwamba. Kukamwa kuli yasa, kuyang'ana malata. Pansi pake panali fumbi louma. Pafanelo kangaude anali atayala ukonde wake.

"Dontho silinagwepo, alamu," anatero. "Madzi ndi magetsi sizigwirizana. Zinthu za anthu munazisiya pamtetete, ine mtima unkandiwawa."

Mawu oyamba amene anandibwerera ndinawameza. Munthu uyu tsiku lililonse amagwira moto wa magetsi ndi manja ake. Amadziwa chimene madzi amachita pamenepo. Mnzake anakokedwa ndi waya pasimenti yonyowa iye akuona. Lamulo la ntchito yake analitsata mpaka pamwamba pa phiri.

Ndinawafotokozera. Mvula imalowa pafanelo. Mkati muli kasupuni ka mbali ziwiri. Mbali ina ikadzaza kamagwa n'kutaya, inayo n'kuyamba kudzaza. Kugwa kulikonse makina amawerenga. Kukachuluka, sayirini. Iwo ankaganiza kuti chitinicho chimamvetsera pansi, phiri likamanjenjemera. Ndinati ayi. Chimamwa mvula. Basi.

Anayang'ana denga. Anayang'ana fumbi. Anayang'ana kumunsi, kumadenga a mzere womaliza, la apongozi awo lili pakati. Anavula chipewa, mvula n'kumawagwa pamutu.

Kumtunda kwa kholalo nthaka inali itang'ambika. Mng'alu wautali, wopindika ngati chikwakwa. Madzi ankalowamo osatulukanso. M'mphepete mwake udzu unali utalekana, mizu ili poyera.

Batani lili m'bokosi. Bokosi lili pakati pa khola, lotseka. Makina odulira zitsulo amafuna magetsi. Ndinafunsa za sowo yamanja. Alamu anati zitsulo izi ndi sowo tingafike mawa, anamanga kuti wakuba alire. Tinayesa kukanula denga ndi mtengo. Mtengo ndi umene unathyoka. Ndiponso kuchotsa denga sikukanatithandiza. Makina akanayamba kuwerenga kuchokera pachiyambi, ngati mvula yayamba kumene. Yonse imene inalowa kale m'phirimo inali itawadutsa.

"Mvula yake ndadya ndine," anatero alamu, mawu ali pansi.

Madzi ankatuluka kumapeto kwa kangalande kaja ngati pampopi. Ndinawayang'ana. Tikamayesa makina atsopano sitidikira mitambo. Timathira madzi pafanelo ndi botolo, n'kumvetsera kasupuni. Ndinawauza kuti sayiriniyo tiibwezere mvula yake. Vuto linali lofikitsa madziwo pakati pa khola, pansi pa denga, kudutsa sefa.

Limeneli silinali vuto kwa alamu. M'thumba la ovolosi sikusowa pulayazi. Anabenthula kangalande ka kumbuyo, nakagoneka pamwala, nakasula ndi mwala unzake mpaka kanasanduka kamsewu kopyapyala. Anakulitsa diso limodzi la sefa. Analowetsa kachitsuloko pang'onopang'ono, nsonga yake n'kukakhala pamlomo pa fanelo. Mbali ya kunja anaimangirira ndi waya pansi pa madzi otuluka padenga. Ntchito inatuluka yowongoka.

Anafuna kuti titsegule onse, sayirini ilire pompo. Ndinawagwira mkono. Makina amenewa anawapanga ndi kanzeru. Madzi akabwera ambiri nthawi imodzi, amati pena pawonongeka kapena wina akusewera, nyali yofiira n'kuyaka, kuwerenga n'kuima. Akatero sadzuka mpaka utatsegula bokosi. Madzi ayenera kulowa mwakathithi, ngati mvula yamphamvu, osapitirira pamenepo.

Ndinaika chala chachikulu pakamwa pa kangalande. Ambiri ndinkawapatutsira pansi. Ochepa, ngati ulusi, ndinkawalola kulowa m'kamsewu. Anayenda, nafika, nakokolola ukonde wa kangaude. Tinamvetsera. Mkati mwa chitini munamveka kaphokoso.

Tha.

Patapita kanthawi, tha.

Alamu anafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati yaitali. Anavala chipewa chawo chonyowa, nati iwo akutsika.

"Mukawauza chiyani?"

"Kuti sayirini yawo ndinaifolera."

Ndinatsala ndekha.

Ine kuima sindikutha. Pamzere wa kubanki ndimachoka. Basi ikachedwa kudzaza ndimatsika n'kuyamba wapansi. Apa mapazi ankandiuza kuti thamanga, kagogode, kakuwe, kawakoke. Chala chinkayenera kukhala pamene chili. Madzi ankatsikira m'mkono mpaka m'khwapa. Dzanja linachita dzanzi. Ndinasintha lina, ulusi wa madzi osaduka.

Tha. Tha.

Kumbuyo kwanga timiyala tinkagubuduka tokha. Nthawi zina pansi pankamveka kulira ngati munthu akuthyola zala. Inali mizu. Ndinatembenuka kamodzi. Mng'alu unali utayasama kuposa poyamba. Sindinatembenukenso.

Pamene ndinaima mzere wonse unkaoneka. Ovolosi ya alamu inkayenda khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse ankavula chipewa. Ankaloza kumtunda, ankaloza pachifuwa pawo. Wometa tsitsi anamva. Anatuluka ndi kalilole wake kukhwapa, banja lake pambuyo. Mayi wina anabereka mwana n'kutsata. Ena onse ankatuluka pakhonde, kusuzumira kukhomo la bambo, n'kubwerera kukaima pachitseko. Sankakana. Ankadikira. Achemwali anali panja, chidebe pamutu m'malo mwa ambulera, nkhope kuyang'ana kuno.

Mtima unandinyenga. Ndinakweza chala pang'ono. Kasupuni kanafulumira, tha tha tha tha. Pabokosi nyali yofiira inaphethira. Ndinatseka msanga. Ndinaleka kupuma. Inaphethiranso, kenako inazima. Ndinabwezera ulusi uja, wowonda kuposa poyamba. Ndinayamba kuyankhula ndi chitinicho ngati ndikumwetsa wodwala. Imwa, mwanawe. Pang'onopang'ono. Palibe akukuthamangitsa.

Linali bodza. Pansi pa phazi langa lamanzere nthaka inafewa ngati matiresi. Mzati umodzi wa khola unalira.

Sayirini inali pafupi ndi mutu wanga kuposa mmene ndinkaganizira. Italira ndinagwa chagada m'matope. Kwa kanthawi sindinadziwe kumwamba ndi pansi. Kenako ndinakhala tsonga n'kuyang'ana kumunsi.

Zitseko zinatseguka ngati wina wazikoka ndi chingwe chimodzi. Palibe anathamanga. A kumanzere anatenga njira ya kumanzere, a kumanja ya kumanja. Ana patsogolo. Achinyamata anapita molunjika kumakomo a okalamba, aliyense akudziwa lake. Mzere wachiwiri unadikira wapamwamba udutse, kenako unatsata. Ndaikapo makina pamapiri ambiri. Anthu otsika mwadongosolo chonchi ndinali ndisanawaone.

Ndinatsika chokhala, chotsetsereka, chogwira zitsa. M'makutu munkangolira.

Bambo ndinawapeza ataima pakhomo, ndodo m'manja. Sananyamuke. Ankayang'ana mzere wawo ukutha, khomo ndi khomo, milomo ikuyenda. Khomo lomaliza litatuluka ndi pamene anaponda panja. Phazi loyamba linatera. Lachiwiri bondo linakana. Njira inali itasanduka mtsinje.

Alamu anafika, nagwada patsogolo pawo, msana kuloza kwa iwo.

Bambo anabwerera m'mbuyo. Anati iwo si thumba la simenti. Anati chibadwire sanamvepo mkamwini akubereka apongozi ake masana anthu akuona. Apite, iwo atsika okha ndi ndodo.

"Bambo, kwerani," anatero achemwali. "Za manyazi tikakambirana pansi."

Anakwera. Ine ndinatenga ndodo ndi kachikwama, dzanja lina ndikuchirikiza msana wawo. Achemwali anatsogola, kusankha poponda. Alamu ankapuma ngati mvukuto. Pena ankagwada m'matope, n'kudzukanso. Bambo anali duu, maso kutsogolo, ngati munthu amene wakwera basi yolakwika ndipo sakufuna kuti ena adziwe. Pafupi ndi msika anauza alamu kuti apondere kumanzere, kumanja kuli dzenje. Ndiwo mawu okha amene anayankhula.

Tinafika kusukulu. Makalasi anali otsegula, anthu akufinya zovala m'makonde. Ana a achemwali anatithamangira. Sayirini inali ikulirabe kumtunda.

Kenako inaduka pakati.

Aliyense anatembenuka. Phokoso linabwera pambuyo, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Ine ndinalimva m'mapazi kuposa m'makutu. Chigawo cha phiri chinatsika chonse, mitengo itaima chilili pamwamba pake. Chinameza pamene panali khola. Chinafika pa mzere womaliza, chinakankha, chinaima. Pamwamba panatsala bala lofiira. Shedi ya alamu kunalibe. Nyumba ya bambo inatsala khoma lakutsogolo ndi chitseko chake chotsekula. Nyumba zoyandikana nazo zinali zitakwiririka mpaka m'mawindo.

Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Wina anamugwira.

Bambo anapempha mpando. Anawapatsa wa aphunzitsi, kutsogolo kwa kalasi. Anayamba kuitana mabanja pamtima, kuyambira kumapeto kwa mzere. Kwa telala. Tilipo. Kwa wometa tsitsi. Tilipo tonse. Kwa amayi a mapasa. Tilipo, ndi agogo omwe. Anapita choncho mpaka mzere unatha, nayamba wachiwiri. Paliponse panabwera yankho. Atamaliza anapukuta nkhope ndi kampango, nthawi yaitali kuposa mmene nkhope imafunira.

Kenako anandikodola. Ananena kanthu. Sindinamve. Ndinaloza makutu anga. Anabwereza mokweza, kalasi yonse n'kumva.

"Akuti sayirini unaithira madzi."

"Eya, bambo."

"A m'botolo?"

"A padenga. Mvula yomwe ija."

Anaganiza.

"Ndiye sinaname," anatero.

Alamu anali ataima pachitseko, kunja pang'ono, pamene madzi a padenga ankawadonthera paphewa. Nkhani ya denga inali itazungulira kale. Kumbuyo kwa kalasi kunayamba manong'onong'o. Mwamuna wina, amene nyumba yake inali m'matope, anati anthu ena luso likawachulukira amapha nalo anzawo. Alamu anamva. Sanadzutse mutu.

Bambo anagogoda ndodo pansi.

"Akamwini, lowani. Mwanyowa mokwanira." Anadikira mpaka alamu atalowa. Kenako anatembenukira kwa anthu. "Anawatuma ndi komiti. Tsiku lofolera ndinalipo. Makwerero ndinagwira ndine."

Mayi wogulitsa makala anatsokomola, nati penti inali yake, yotsala pageti. Wometa tsitsi anati malata awiri anachokera kwa iye, ndipo anawasankha opanda chiboo kuti makina asadonthedwe. Telala anati iye ankafuna kusoka nsalu yotchinga m'mbali, anthu anamuletsa, lero ndiye akuona kuti anali ndi mwayi. Wina anaseka. Mwamuna wa nyumba ya m'matope uja anapukusa mutu, nati nayenso anaombera m'manja tsiku limenelo, ndipo anaombera kwambiri. Kuseka kunayenda benchi ndi benchi, kwa anthu otopa, ena misozi ili m'masaya.

Achemwali anabwera ndi nsalu youma, nandiponyera kumaso. Anati ndivule malaya ndisanawadwalire, alibe nyumba yogonekamo odwala. Chipewa cha amuna awo anangochifinya n'kuwabwezera.

Bambo anakoka benchi ya ana ndi ndodo, kuiyandikitsa kumpando wawo. Analoza. Alamu anazengereza, kenako anakhala, mawondo ali m'mwamba, pafupi ndi apongozi awo.